Ayi Wanga, Inde Wawo

"Ayi!" ndinakuwa, thireyi ya mankhwala ili m'manja.

Mayi Fumiyo anali atagwira kale maikolofoni. Anandiweramira monga amachitira kwawo ku Japan, nkhope ili mwee.

"Hai! Wandilola, Ketrina," anatero ndi mawu osasa.

Ndinagwira pakamwa. Tsiku lonse ndimalankhula Chingelezi panyumba ya okalamba ino ku Shawlands, mumzinda wa Glasgow, koma mtima utakwera chinatuluka ndi Chichewa. Kwa iwowa, "hai" ndiye kuti inde.

Dokotala ananenetsa kuti asaimbe miyezi iwiri chifukwa pakhosi pangochitidwa opaleshoni, ndipo wowayang'anira ndine. Koma munthu woti waimba jazi zaka makumi asanu, kuyambira ku Osaka mpaka m'mabala a Glasgow, ungamuuze chiyani akaona piyano yotsegula?

"Chance, choka pa piyanopo!" ndinakalipira mnzanga wa ntchito, wakwathu ndithu, wolankhula Chichewa ngati ine.

"Wavomera wekha, asisi," anatero, zala zikuthamanga.

Mawu a mayiwo anayamba mokanda, kenako anasalala. Bambo wina amene sanalankhulepo chibwerere kuno anayamba kugogoda kapu ndi supuni.

Abwana athu, mayi wa konkuno ku Glasgow, anatulukira pakhomo maso ali psuu. "Ketrina, ndiwe walola zimenezi?"

"Ayi!"

"Aye?" anabwereza, akugwedeza mutu. "Bola wavomera. Unditsate ku ofesi."

Kunonso ku Glasgow kuli mawu akuti "aye", omveka ngati "ayi" wathu, ndipo ndi inde.

M'chipinda monsemo, amene ankadziwa kuti ndikukana anali Chance yekha. Ndinamuyang'ana. Iye anaweramira piyano, n'kuyamba ndime yachiwiri.