Disiki Yakale ya Bambo

Elinata anachoka pa boma la Chadiza pa njinga yake dzuwa litalowa, laputopu ya malemu bambo ake ili m'chikwama kumsana.

Masana onse anali kwa Trywell, wokonza makompyuta. Laputopuyo inkachedwa kuyaka, ndipo disiki yake yakale inkalira kuti tche, tche, tche. Trywell anaikamo yatsopano ya SSD, yopepuka ngati bisiketi.

"Iyi silira, asisi, mulibe chozungulira," anatero. "Koma malo ndi ochepa, ndisamutsa Windows yokha. Nanga foda iyi yolembedwa kuti 'Za Elinata'?"

Munali mawu amene bambo ake anajambula akudwala. Kwa zaka ziwiri sanalimbe mtima kuwamvetsera.

"Fufutani," anayankha, maso ali panja. Disiki yakaleyo anamusiyira Trywell.

Pofika m'minda ya thonje panjira ya ku Zemba, mtima unali utayamba kumuluma. Akanangomvetsera ngakhale kamodzi.

Tche, tche, tche.

Anayesa ndi tcheni cha njinga, ndiye anatsika. Kulirako kunapitirira, kumsana kwake. Anatsegula chikwama. Laputopu inali yozima ndi yozizira, koma pansi pa chikhato chake china chake chinkazungulira pang'onopang'ono.

Kenako kunangoti zii. M'chikwamamo munthu anatsokomola kawiri, monga ankachitira bambo ake akafuna kuyamba nkhani yaikulu.

"Elinata, mwana wanga," anatero mawuwo, mosakalipa n'komwe. "Lero wapeza mpata?"