Mkono wa Pakhonde

Chaka cha 1973, Mildred Daka ankakolopa m'mawodi pachipatala china cha mishoni ku Petauke, ndipo madzulo ankalowa kalasi ya anchito ofuna kukaphunzila unesi. Tsikulo mtima wake unali mbee. Mphunzitsi wawo, aMubita, anamubweleka wochi yawoyawo, poti m'kalasi monse ndiye ankawelenga kugunda kwa mtima pamkono osaphonya.

"Mukayesele pa aliyense amene mum'peze," anatelo aMubita. "Mayeso ndi mawa."

Kutangoda, Mildred anapita kukabweza nyali kusitolo ya chipatala, akuimba chapansipansi. Pabenchi ya pakhonde anapezapo mayi wina wachikulile, atafunda bulangeti la chipatala.

"Ndinu muphunzila unesi?" anafunsa mayiyo akutambasula mkono. "Yeselani pa ine."

Mildred anaseka, nagwada, n'kuika zala pamalo pomwe anaphunzitsidwa. Wochi inazungulila mphindi yathunthu, koma pansi pa zala zake panali zii. Anasuntha zala, nakanikiza pang'ono. Khungulo linali lozizila ngati simenti imene ankakolopa m'mamawa.

"Pepani amai, kapena ndalakwitsa pogwila."

"Simunalakwitse iyai, mwana wanga. Ngakhale aSisitele m'mawa muja anafunafuna osapeza kanthu."

Mayiyo anamwetulila. Apo n'kuti dzanja lake lina litagwila kale mkono wa Mildred, zala zili pamalo pake penipeni.

"Koma wanuwu ukuthamanga bwanji! Bweletsani wochiyo, ndikuwelengeleni."