Duwa la Chikolopa

Kettie, wokonza m'zipinda pa loji ina ku Senga Bay, anatsegula chitseko cha chipinda cha mlendo wina.

Chikolopa chake cha kuchimbudzi chinali pathebulo, chochapidwa ndi kupindidwa bwinobwino, pafupi ndi kafano ka Buddha. Pamwamba pake mlendoyo anali ataikapo duwa.

"Mayi, zonyansazi pathebulo podyera?"

Mlendoyo, mayi wachipembedzo cha Chibuda, anamwetulira. "Chimalandira uve wa aliyense popanda kudandaula. Ine ndimaphunzirapo kudzichepetsa."

Kettie anachitola ndi zala ziwiri atakwinya mphuno. Fungo la kuchimbudzi linali lisanathe. Kenaka maso ake anagwera pa manja ake ong'ambika ndi sopo.

"Zaka khumi ndikukolopa muno ine," anang'ung'udza akutuluka, "duwa n'kupita kwa chisanza."