Kachitsulo ka Pafupi ndi Chiwongolero

Wogulitsa maboti anagogoda kachitsulo kokhomedwa pafupi ndi chiwongolero cha boti limene tinkagula. Panalembedwa kuti botilo limanyamula anthu asanu ndi atatu.

"Loweruka mudzakwera angati, bwana?"

"Khumi ndi awiri," anayankha mwamuna wanga. "Koma anayiwo ndi adzukulu, opepuka ngati anapiye."

Tinali atatu okha m'boti lafulatilo, loyandama pa migolo iwiri yaitali. Nyanja inali yodzaza ndi maboti, injini zikulira mbali zonse. Boti lina laliwiro linadutsa chapatali. Funde lake linabwera mosafulumira, linakwera m'boti mwathu n'kundinyowetsa nsapato.

"Mwaona? Nyanja ino sifuna boti laling'ono," anatero wogulitsa uja. "Tengani lalikulu lija la migolo itatu."

"Silingalowe m'shedi mwanga. Ndinayeza ndekha, ndinamanga ndekha."

"Abambo, shedi ikhoza kugumulidwa," ndinatero.

"Inu amayi mumaopa ndi madzi a m'beseni omwe." Mwamuna wanga anaseka, koma anaseka yekha.

Wogulitsa anatsegula bokosi la pansi pa mpando n'kutionetsa majekete oyandamitsa. Analipo asanu ndi atatu, onse a anthu akuluakulu. Popereka makiyi, anayang'ana ine, osati mwamuna wanga.

Atangotsika wogulitsayo, mwamuna wanga anatulutsa kampeni m'thumba n'kuyamba kumasula kachitsulo kaja.

"Kangadzaopseze ana chabe," anatero, n'kukaponya m'madzi.

Ndinasuzumira kuti ndikaone. Kanali katamira kale, ndipo funde lina linali likubwera.