Oswin Wake Uti?

"Mayi, kodi Oswin ameneyu ndi uti? Mfumu ija kapena wansembe?" anafunsa Philippa, mtsikana amene wapambana mphatso ya Thumba la Oswin chaka chino.

Inu, kapu ya tiyi inatsala pang'ono kuwapulumuka Mayi Thackray! Thumbali limathandiza ophunzira Chingelezi chamakedzana kuno ku York, ndipo analiyambitsa ndi iwowo, mwana wawo Oswin atamwalira ndi khansa asanamalize digiri yake. Chaka chilichonse amakwera basi kudzapereka okha mphatsoyo, kuti angomvako dzina la mwana wawo likutchulidwa.

"Mfumu yake iti, mwanawe?"

"Yakalekale ija. Si iyo ili pakhomapo?"

Mayi Thackray anacheuka. Pamene pankakhala chithunzi cha Oswin atavala juzi yake yobooka pachigongono, panali chimunthu chandevu, chisoti kumutu, lupanga m'manja.

Analunjika kwa Pulofesa Hebden, mphunzitsi wa Oswin, omwe aja analira pamaliro mpaka anthu kuchita kuwagwirira.

"Bambo Hebden, mwana wanga mwamuika kuti?"

"Ali bwinobwino m'kabati, mayi, sitinamutaye ayi," anatero pulofesayo uku akutafuna bisiketi. "Koma nanunso mvetsani. Alendo athu safuna zachisoni pamwambo. Mfumu imakoka anthu, ndiponso dzina ndi lomwelo."

Mayiwo asanayankhe n'komwe, anawaitana kutsogolo. Anapereka mphatsoyo kwa Philippa, anthu n'kuwomba m'manja. Kenaka wojambula zithunzi anawakodola mwaulemu kuti asunthe pang'ono. Ati ankatchinga mfumu.