Nsalu ya Kwacha Imodzi ya ku Songani

Panali mayi wina ku Domasi, cha m'ma 1986, amene anthu ankangowatchula kuti Mai Doris. Amuna awo, a Yotam, anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo mwana wawo mmodzi yekha, Lyton, anali kalaliki ku Zomba. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anali m'nyumba mwawo tsiku limene zinthu zinavuta.

Mai Doris ankadziwika ndi kunenerera. Tsiku la msika sankalephera ku Songani. Zatsopano analibe nazo ntchito, ankasaka zakale ndi zopanga pamanja: mipando yosema, mitsuko, simbi zamakala. Wogulitsa akati makwacha awiri, iwo ankatenga pa kwacha imodzi, kenako n'kumakadzitama kwa anzawo.

Tsiku lina bambo wina wosamudziwa anawakodola kuseri kwa msika. Anatulutsa m'thumba nsalu ya patebulo yoyera, yopeta pamanja, maluwa ofiira m'mphepete monse.

"Makwacha atatu, mayi. Ndikuthamangira basi."

"Imodzi."

Bamboyo sanalimbelimbe n'komwe. Analandira ndalamayo n'kulowa m'chigulu cha anthu.

Kunyumba a Yotam anaitembenuza nsaluyo napeza dzina lopeta pakona: Eluby.

"Amake Lyton, ntchito iyi ndi ya miyezi. Mwini wake sangaigulitse kwacha imodzi."

"Inu zamsika mumazidziwira kuti? Zisiyeni."

Lamlungu lotsatira kutchalitchi kunalengezedwa kuti ku Malosa akuba anathyola nyumba ya mayi wina wamasiye, eni ake ali kumanda kukaika mwana wawo wamkazi. Anatchula zimene zinabedwa: mabulangete, wailesi, ndi nsalu ya patebulo ya maluwa ofiira. Amene waiona auze akulu a mpingo.

Pobwerera a Yotam anati, "Mwamva nokha. Tiyeni tikaipereke lero lomwe."

"Ndinaba ine? Ndinagula masanasana, ndi ndalama yanga. Ndikakaipereka mudzi wonse uziti Doris amagula zakuba."

Atafika kunyumba Mai Doris anatenga lezala n'kudula dzina lija, ulusi umodziumodzi mpaka linatha. Nsaluyo anaipinda n'kuibisa pansi pa sutikesi.

Patatha chaka Lyton anapeza mbeta, Lizzie, mtsikana wa ku Malosa. Ankhoswe anagwirizana zonse, ndipo akuchikazi anatumiza mawu kuti abwera kudzaona pakhomo. M'mawa wa tsikulo Mai Doris anatulutsa nsalu ija.

"Musayale imeneyo," anatero a Yotam. "Alendowa akuchokera ku Malosa."

"Malosa ndi wamkulu. Ndipo chaka chatha, ndani akukumbuka?"

Pakati pa alendowo panali Mai Enifa, mayi ake aakulu a Lizzie, amene anamulera kuyambira ali wakhanda. Tiyi atathiridwa, onse anayamba kumwa, koma Mai Enifa kapu sanaikhudze. Chala chawo chinkangoyenda pa maluwa aja.

"Nsalu yokongola," anatero motsitsa mawu. "Anapeta ndani?"

"Ndinapeta ndekha," anayankha Mai Doris akumwetulira.

"Nanga duwa ili bwanji simunalimalize? Lili ndi masamba atatu, anzakewa asanu."

"Ulusi unandithera."

"Ulusi sunathe, mayi. Wotsalawo uli kunyumba kwanga, ukadali pa singano. Eluby wanga ankapeta nsalu iyi ali chigonere, akuti idzakhale mphatso ya ukwati wa mng'ono wake Lizzie. Anafika pa duwa ili Lachiwiri. Lachitatu anatisiya."

Mai Enifa anakweza kona ya nsaluyo naiyang'ana pa kuwala kwa zenera. Timabowo ta singano tinkaonekabe pamene panali dzina. Anatembenukira kwa a Yotam.

"Bambo, inu ndinu mphunzitsi, musandinamize. Inabwera muno ili ndi dzina?"

A Yotam anaweramitsa mutu. "Inali nalo, mayi."

"Chilengezo cha kutchalitchi munachimva?"

"Tinachimva."

Mai Enifa anaimirira, anakonza chitenje chawo. "Wakuba uja sankamudziwa mwana wanga, anangotola chimene anapeza. Inu munawerenga dzina lake, munamva kuti tamuika m'manda, n'kutenga lezala."

Anatuluka, alendo onse n'kuwatsatira. Tiyi anazizirira m'makapu.

Sabata isanathe nkhoswe yakuchikazi inabwera ndi mawu akuti ukwati kulibe. Lyton anapalasa njinga katatu kupita ku Malosa kukachonderera. Ulendo wachitatu Lizzie anatuluka yekha.

"Iwe sunandilakwire," anamuuza. "Koma achemwali anga aja ndi amene ankandibereka kumbuyo. Mayi ako ndizikawagwadira bwanji, ndiziti apongozi?"

Lyton anapempha kuntchito kuti amusamutsire ku Karonga. Khirisimasi ya chaka chimenecho sanabwere, yotsatirayo sanabwerenso. Makalata ankalembera bambo ake okha.

Mai Doris anadikira miyezi iwiri, kenako anachapa nsalu ija, anaisita, nayenda wapansi mpaka ku Malosa. Anawapeza Mai Enifa akupeta mpunga pabwalo. Mai Enifa sanawayalire mphasa. Mai Doris anagwada pafumbi napereka nsaluyo ndi manja awiri.

"Ndinalakwa, mayi. Landirani katundu wanu."

Mai Enifa anaika lichero pansi, anaifunyulula nsaluyo mpaka pakona paja, nayang'anapo nthawi yaitali.

"Nsalu ndalandira," anatero. "Dzina mwabwera nalo?"

Phunziro: Chinthu chikatchipa mopitirira muyeso, dziwani kuti mwini wake akulira kwinakwake. Funsani kumene chachokera musanatulutse ndalama. Ndipo ngati mwagula mosadziwa, kenako mwadziwa, kabwezeni tsiku lomwelo, chifukwa manyazi a tsiku limodzi amapola koma a kubisa amakalowa mpaka m'nyumba ya mwana wanu. Musaisunge nkhaniyi. Itumizeni kwa mnzanu uja amene amanyadira kuti palibe womuposa kunenerera pamsika.