Magalasi a Tongtong Anakhala m'Kabati

Panali munthu wina mumzinda wa Chengdu, mayi wa mwana mmodzi, dzina lake Dai Wenjuan. Amene anandiuza nkhaniyi amakhala naye khomo loyandikana. Mwamuna wake ankagwira ntchito kutali ku Shenzhen, kubwera kamodzi pachaka, choncho iye ndi mwana wake wamkazi Tongtong, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankakhala kwa apongozi.

Tongtong atayamba kudandaula kuti za pa bolodi sakuziona bwino, Wenjuan anapita naye kuchipatala. Dokotala anati mwanayo saona patali ndipo vutolo likukula msanga chifukwa diso likutalika mkati. Anamulembera magalasi apadera ochedwetsa vutolo. Anati azivala tsiku lonse, azisewera panja, ndipo azibwera naye miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Anachenjezanso kuti diso likatalika silibwereranso.

Apongozi atangowaona magalasiwo nkhope inagwa.

"Kamwana kotere maso anayi? Magalasi ndi amene amapha maso. Bambo ake ndinalera ine, sanavalepo zimenezi."

Wenjuan anaimbira foni mwamuna wake, koma iye anangoti asamakangane ndi amayi ake. Nyumba inali ya apongozi, mpunga wa apongozi. Chakudya chilichonse nkhani inali yomweyo, mpaka Wenjuan ankachita kuopa nthawi yokhala patebulo.

Tsiku lina pageti la sukulu anakumana ndi mayi wovala jasi loyera akugawa timapepala. Ankadzitchula Aphunzitsi Mo. Anati ali ndi malo osisita maso, ndipo ana mazanamazana anataya magalasi m'manja mwake. Lamulo linali limodzi: mwana asavalenso magalasi, chifukwa amachititsa maso ulesi.

Mtima wa Wenjuan unakana, koma anali atatopa. Apongozi atamva anawomba m'manja, n'kutsekera magalasi aja m'kabati, kiyi n'kusunga okha.

Loweruka lililonse Tongtong ankamusisita m'mbali mwa maso, kenako n'kumuimika patsogolo pa tchati cha zilembo zoloza uku ndi uku. Mwezi woyamba anafika mzere wachisanu. Wachitatu anafika wachisanu ndi chitatu. Akawonjezera mzere, agogo ake ankamugulira makeke, ndipo kunyumba kunkakhala mtendere. Wenjuan anasangalala mpaka anauza amayi anzake atatu, iwonso anatengerako ana awo.

Achipatala anaimba foni kukumbutsa za tsiku lokayezetsa. Wenjuan sanayankhe. Aphunzitsi a kusukulu anatumiza uthenga woti Tongtong amangokopera m'kope la mnzake, sayang'ana pa bolodi. Wenjuan anawerenga uthengawo kawiri. Koma akanauza ndani? Apongozi akanati akunyoza nzeru za akulu. Amayi anzake aja akanati anawasocheretsa. Anafufuta uthengawo n'kudziuza kuti tchati sichinama.

Chaka ndi theka chinatha choncho.

Masana ena Wenjuan anaima tsidya la msewu kudikira ana kuweruka. Tongtong anatuluka, amayi ake akumukwezera dzanja. Mwanayo anayang'ana mbali yomweyo koma nkhope sinasinthe. Kenako anathamangira kwa mayi wina wachilendo wovala malaya ofiira ngati a Wenjuan, n'kumugwira dzanja.

Wenjuan sanabwerere kunyumba. Anakwera naye basi molunjika kuchipatala. Kumeneko tchati chinali china, ndipo Tongtong analephera ngakhale mzere wachiwiri. Dokotala anayeza, n'kuyang'ana zotsatira zakale. Anati vutolo lawirikiza katatu. Magalasi akale sangathandizenso, ndipo ngakhale atsopano angochedwetsa zotsala. Zimene zatayika zatayika, ndipo mwanayo ayenera kumayezetsa maso chaka chilichonse moyo wake wonse.

Pakhonde Wenjuan anagwada n'kumufunsa mwanayo kuti nanga kwa Aphunzitsi Mo ankawerenga bwanji.

"Ndinaloweza, amayi. Kumwamba, kumanzere, pansi, kumanzere. Tchati chawo sasintha. Ndikalakwitsa ankatsokomola."

"Bwanji sunandiuze, mwanangu?"

"Ndikawerenga bwino inu ndi agogo simukangana."

Loweruka lotsatira Wenjuan anapita kwa Aphunzitsi Mo, anapeza chitseko chokhoma, chikwangwani atachotsa. Amayi anzake atatu aja mpaka lero samupatsa moni. Apongozi sanapepese, anangoti mwina mwanayo anatengera maso a kwawo kwa amayi ake. Wenjuan akukhalabe m'nyumba yomweyo chifukwa alibe kwina kopita.

Tsiku lolandira magalasi atsopano, okhuthala kuposa oyamba, Tongtong anawavala n'kuyang'ana uku ndi uku m'chipinda cha dokotala. Kenako anawayang'anitsitsa amayi ake amene anaima pakhomo.

"Amayi, muli ndi imvi. Zinayamba liti?"

Phunziro: Dokotala akati mwana azivala magalasi, muvalitseni, ndipo musadumphe tsiku lokayezetsa. Musagule mtendere wa panyumba ndi maso a mwana, ndipo musakhulupirire munthu wa pageti wolonjeza zimene achipatala anati sizingatheke. Mwana amatha kubisa vuto lake kuti inu musangalale. Tumizani nkhaniyi kwa makolo ndi agogo onse amene mumawadziwa, mwina mupulumutsa maso a mwana wina.